Wakisi Wosauma

Amayi anandiimbira foni ndili chigwadire pa tayala la galimoto ya munthu wina, ndikukolopola matope ndi kaburashi kotsukira mano. Sanafunse n'komwe ngati ndadzuka bwino.

"Mlongo wako Tadala akukwatiwa mwezi wamawa. Bambo ako akuti amunyamula okha pa galimoto yawo kupita naye kutchalitchi."

"Ndiye chovuta n'chiyani? Ababa akhala pa chiwongolero moyo wawo wonse."

"Bambo ako sakuona, iwe. Shuga anawalowa m'maso, ndipo kuchipatala anati zimenezo sizibwerera. Tsiku lina anagunda chipilala cha pageti, ndiye akuti chipilalacho ndi chimene chinasuntha."

Ndinaseka, poti kuseka pa malo osayenera ndi luso limene ndinabadwa nalo. Amayi sanaseke.

"Ine ndalankhula ndatopa. Tadala akangoyamba nkhaniyi amathera kulira. Iwe ndi amene angakumvere pa za galimoto, si paja amati ndiwe katswiri? Bwera udzawalande makiyi asanandiphere mwana atavala velo."

Anthu ena amabwerera kuchokera ku Joni atakoka ngolo yodzaza mafiriji ndi mabulangete. Ine ndinabwerera ku Bangwe ndi kachikwama kamodzi, nditatumidwa kukalanda nkhalamba makiyi.

Koma ndiyambe ndi mmene ndinakhalira katswiri, chifukwa mbiri ya anthu otchuka siyenera kutayika.

Ndinali pa koleji, ndikuphunzira za ulimi wamthirira. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere titaona kuti pa mafunso ambiri a mayeso timasiyana maganizo. Nditabwera kunyumba ndi katundu pakati pa chaka, ndinkayembekeza kukalipiridwa. Bambo anangofunsa ngati ndadya. Kukalipa bwenzi kuli bwinoko, munthu umapeza poyankhira. Nditakhala miyezi ingapo ndikuthandiza mpando wa pakhonde kuti usauluke ndi mphepo, ndinawauza kuti ndikupita ku Joni.

Anandiperekeza okha kokwerera basi, pa galimoto yomweyi. Ndi kasaluni kofiira kakalekale, kamene anagula kwa abwana awo atapuma ntchito yoyendetsa lole ya sitolo ina ku Limbe. Kuchoka kwathu ku Nsanje ali mnyamata, chinthu chokhacho chimene anachitcha chawochawo ndi chimenechi, nyumba ija amati ndi ya amayi. Loweruka lililonse ankaitsuka ndi sopo waufa wochapira zovala, kenako n'kuipaka polishi wofiira wapansi, yemweyu wopaka pakhonde. Ankati mitundu ikugwirizana, ndiye cholakwika n'chiyani. Inkawala mpaka masana, kenako fumbi lonse la Bangwe linkabwera kudzakakamira pamenepo.

Pokwerera basi sanatsike. Anatenga kansalu n'kumapukuta galasi limene linali loyera kale.

"Kumeneko ukagwire ntchito ina iliyonse," anatero akuyang'ana galasilo. "Bola ikhale yoti ukhoza kundifotokozera."

Ku Joni ndinafikira m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, mmene tinkagona Amalawi ochuluka kuposa matilesi. Ukatembenuka unkayenera kudziwitsa anzako. Amene anandilandira anali Jafali, mkulu wa ku Ndirande, wamfupi, wa manja okakala ngati mamba a nsomba yowuma. Ankagwira ntchito pa malo otsukira magalimoto kuseri kwa sitolo zikuluzikulu, ndipo anakandinenera kwa abwana ake kuti ndine mphwake wophunzira kwambiri za madzi. Tsiku loyamba anandipatsa payipi. Mulungu sataya kanthu: ndinaphunziradi zothirira, ndipo ndinathirira.

Anandipatsa dzina loti Pulofesa, ndipo miyezi yoyamba Pulofesa ankaloledwa kukhudza matayala okha.

Tsiku lina ntchito itachuluka anandisiyira galimoto yakuda yonse. Ndinaitsuka monga ndinaonera kwathu: ndowa imodzi, chisiponji chimodzi, padzuwa, ndikuzunguza dzanja ndi mphamvu zanga zonse kuti abwana aone khama. Itauma, Jafali anandikoka khutu n'kundiweramitsa pa chitseko.

"Tayang'ana molunjika dzuwa, Pulofesa. Ukuona chiyani?"

Penti yense anali ndi timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude.

"Mchenga umene wauchotsa pansipa waubweza mu ndowa, n'kuutolanso ndi siponji, n'kukalembera pa chitseko. Iwe sunatsuke galimoto, waipala ngati poto."

Tinathera madzulo onse tikufafaniza timizereto, iye akutukwana m'Chiyao kuti abwana asamve kukoma kwake. Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa ngati munthu, ndipo ndinamvetsera kuposa mmene ndinamverera aphunzitsi a ku koleji, mwina chifukwa iwowo sankandikoka khutu. Galimoto imatsukidwa pamthunzi, penti atazizira. Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Umayambira padenga kutsikira pansi, matayala ali ndi nsalu yawoyawo. Sopo waufa ndi wa malaya, pa galimoto amadya kuwala konse.

Ukatsuka n'kupukuta, ntchito ndiye yangoyamba kumene. Jafali ankavala kajumbo kopyapyala kudzanja n'kusisita pa penti. Ndi dzanja lokha umamva kusalala, koma ndi jumbo umamva timchenga tonse tokakamira: phula la pamsewu, utomoni wa mitengo, fumbi la mabuleki. Timeneto tinkatichotsa ndi dongo lina lofewa logula m'sitolo, ukulitsetsereka pa penti wonyowa mpaka jumbo itasiya kulira. Kenako polishi wa makina wochotsa zokandika, amene amadya penti pang'ono nthawi iliyonse, ndiye sunkayenera kuumirira malo amodzi. Pomaliza penipeni ndiye wakisi, mafuta otchinga penti ku dzuwa ndi mvula.

"Makasitomala amafuna tiyambire pa wakisi," ankatero Jafali. "Koma wakisi sachiritsa kanthu, amwene. Amangotsekera zimene wapeza. Ukapaka pa litsiro, wasunga litsiro."

M'nyengo yozizira madzi a kumeneko amaluma. Manja ankang'ambika m'mizere, sopo n'kumalowa m'ming'aluyo, ndipo madzulo tinkapakana mafuta ngati ana. Galimoto ya apolisi ikakhotera kuseri kwa sitolo zija, anthu opanda mapepala tinkapezeka tonse tili ndi ntchito yofunika kwambiri m'chimbudzi. Masiku ena mumsewu munkatentha, anthu akuimba nyimbo zoti alendo tizipita kwathu, ndiye tinkadzitsekera m'kachipinda kaja, Jafali akutifotokozera za mpira wa ku Ndirande motsitsa mawu. Zimenezi kunyumba sindinkanena. Kunyumba ndinkatumiza kangachepe ka mankhwala ndi ufa, komanso zithunzi.

Zithunzizo ndi zimene zinandikweza udindo. Galimoto ikatha kupukutidwa, mwiniwake asanabwere, ndinkatsamira pa chitseko, Jafali n'kujambula. Sindinanenepo kuti ndi yanga. Sindinanenenso kuti si yanga. Bambo ankapita nazo kumphakati, ndipo Bangwe yense anamva kuti mwana wa adalaivala ndi katswiri wa magalimoto ku Joni. Katswiriyo, ndinene pano, sadziwa kuyendetsa. Zaka zonsezo ndinakhala pa mipando ya magalimoto odula kwambiri, ndikupopa nyenyeswa za mabisiketi.

Pa foni ine ndi bambo tinkangokamba za magalimoto basi. Ndiyo inali njira yathu yofunsirana za moyo. Ndikatumiza chithunzi, ankaimba n'kunena kuti matayala ndi aakulu mopitirira, kapena kuti mtunduwo sukhalitsa padzuwa. Kenako chinasintha. Ndikatumiza, ankati, "Tandifotokozere, ndi yamtundu wanji imeneyi? Nanga kutsogoloku ikuoneka bwanji?" Ine ndi maphunziro anga onse ndinaganiza kuti foni yawo yasweka galasi. Ndinawatumizira ina, ya galasi lalikulu. Anathokoza kwambiri, anati ikuoneka bwino zedi.

Ndinamuuza Jafali chimene amayi anandiitanira. M'mawa wa ulendo anandiponyera chikwama chaching'ono. Munali dongo lija, nsalu zofewa ndi zitini ziwiri za wakisi.

"Ine bambo anga anamwalira ndili kuno ndikupukuta galasi la munthu," anatero. "Iwe uli ndi mwayi, Pulofesa. Ukupita kukayambana nawo."

Ku Bangwe ndinapeza nyumba zitamera pamene tinkasewerera mpira, ndipo ana amene ndinawasiya akukwawa anali akuitanira minibasi. Tadala, amene ndinamusiya ali wa yunifolomu, anandilandira akulankhula pa foni ndi ophika za ukwati ngati mkulu wa asilikali. Amayi anali atachepa thupi. Bambo anatuluka m'nyumba atamanga tayi, dzanja likuyenda pakhoma, nkhope italoza pambali panga pang'ono, pamene panali mtengo wa mapeyala.

"Katswiri wafika!" anauza mtengowo.

Ndinasuntha n'kukaima pomwe ankayang'anapo.

Sanandilole n'kupuma komwe. Anandigwira pamkono n'kunditengera kuseri kwa nyumba, kumene galimoto inaima pansi pa kadenga ka malata. Anandiuza kuti akufuna iwale moti a kuchimuna akaiona azindikire kuti sakutola mkazi pamsewu.

Ndinayamba ndi kuchotsa polishi wapansi uja. Anali ataunjikana zaka ndi zaka, m'mphepete mwa zitseko munali ngati chiponde. Madzi ofiira anayenderera mpaka kumsewu, mayi wina woyandikana nafe n'kubwera kudzafunsa ngati mbuzi ya ukwati taipha kale. Polishiyo atachoka, galimoto inayamba kundiuza zimene abale anga sanandiuze pa foni. Mbali yonse yakumanzere inali yokandika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mizere ina yakale, ina yatsopano. Pa bampala panali penti wobiriwira wa geti la eni ake. Pamwamba pa tayala lakutsogolo panali phala la okhoma magalimoto, lopakidwa mothamanga. Chipilala chija sichinali choyamba. Zinthu zakhala zikusuntha m'Bangwe kwa nthawi yaitali, ine ndili kutali ndikujambulitsa.

Bambo anakhala pampando pafupi, akumvetsera phokoso la nsalu.

"Ikuoneka bwanji?"

"Ili bwino, ababa. Penti wake ndi wolimba."

"Ndimaisamala."

Ndinawaveka kajumbo kudzanja n'kuwagwiritsa pa boneti. Anasisita, n'kukwinya nkhope.

"Mchenga umenewu wachokera kuti? Ndimatsuka sabata iliyonse!"

Ndinapititsa dongo pamalopo, n'kuwabwezeranso dzanja. Anasisita kawiri, katatu, kenako anaseka ngati mwana amene wamuonetsa matsenga. Kuyambira pamenepo anakhala woyendera ntchito. Ine ndinkapita patsogolo ndi dongo, iwo pambuyo ndi jumbo, akundibweza pamene ndalumpha. Chikhalire sitinagwirepo ntchito imodzi ine ndi bambo anga, ndipo ndinkaikoka dala kuti isathe msanga. Amayi ankadutsa ndi beseni n'kundiyang'ana ndi diso lofunsa. Ine n'kuweramira pa chitseko.

Ndinayesa kamodzi. Tinali pa chitseko chakumanzere, zala zawo zikuyenda mumzere wakuya umene dongo silikanatha.

"Ababa, amayi amati maso anu akuvutako."

"Amayi ako amati chilichonse chikuvuta. Msewu wa kutchalitchi ndimauyenda ndi msana, iwe. Bampu lililonse ndimalidziwa dzina."

"Koma anthu oyenda pansi, ana, akabaza..."

"Ndinanyamula katundu wa eni ake mpaka ku Karonga, osaswa ngakhale botolo. Ndilephere kunyamula mwana wanga kukafika pa parishi pomwepa?" Anachotsa dzanja pa chitseko. "Kapena nawenso akutuma?"

"Ayi, ababa. Ndimangocheza."

Madzulo ake amayi anandipeza kumpopi ndikutsuka nsalu.

"Wawauza?"

"Ndikukonza kaye pansi, amayi. Ntchito imeneyi siyambira pamwamba."

"Usandiyankhe ngati bambo ako. Ukwati ndi Loweruka."

Lachinayi galimoto inali itayera, penti wofiira weniweni ataonekera, wotuwa pang'ono koma wamoyo. Ndinatulutsa zitini za Jafali n'kuwapatsa bambo kuti asankhe, monga tinkachitira ndi makasitomala. Ndinawafotokozera kuti wina ndi wakisi wochokera ku masamba a mtengo wina wa kunja, amawala mozama ngati galimoto yanyowa, koma dzuwa la kuno ndi mvula zimamudya pa masabata ochepa. Winayo ndi wopangidwa ku fakitale, kuwala kwake ndi kodziletsa, koma amagwira penti miyezi yambiri, madzi akagwa amangopanga timikanda n'kutsetsereka. Ananunkhiza zitini zonse ziwiri mwaulemu.

"Woyambayu ndi wa anyamata ofunsira," anatero. "Ndipatse wokhalitsa. Sindikufuna kudzakuitanitsanso ku Joni chifukwa cha polishi."

Wakisi wa ku fakitaleyu ali ndi lamulo limodzi loona: ukapaka n'kupukuta, amafuna maola angapo osakhudzidwa ndi madzi kuti agwire bwino. Maola basi. Ndikadapaka Lachinayi lomwelo, pofika Loweruka galimoto ikanatha kupita ngakhale ku Nsanje. Ndinati mitambo sinakhale bwino. Ndinapaka Lachisanu dzuwa litapendeka, mopyapyala monga Jafali anandiphunzitsira, chigawo ndi chigawo, ndikupewa mapulasitiki akuda. Ndinadikira kuti achite mbuu, ndinapititsa chala kuona ngati akuchoka bwino, n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Kagalimotoko kanawala moti ana a m'mudadada anabwera kudzadziyang'anira mano pa chitseko. Ntchito yabwino kuposa imeneyo sindinaigwirepo, ndipo mwiniwake anali munthu yekhayo pabwalopo amene sanaione.

Kenako ndinatsokomola n'kulankhula ndi mawu a katswiri.

"Ababa, pali vuto limodzi. Wakisi wokhalitsayu amafuna kuuma. Galimoto isayende, injini isalire. Ikatentha asanaume, penti yense amasenda ngati khungu la njoka."

"Mpaka liti?"

"Masiku angapo."

"Ukwati ndi mawa."

"Ndinaiwala kuwerenga pa chitini, ababa. Ndalakwitsa ndine."

Amayi, amene anali pakhomo la khitchini, analowa mkati mofulumira. Bambo anaika chikhato pa boneti n'kuchisiya pomwepo nthawi yaitali. Munthu amene wayendetsa lole kudutsa dzuwa la Chikwawa amadziwa bwino lomwe chimene kutentha kumachita ndi chimene sikuchita pa penti. Ndinadikira kuti anditchule wabodza. Ndinkafuna atatero.

"Chabwino," anatero. "Katswiri ndiwe."

M'mawa wa ukwati anatuluka atavala suti yawo yakuda, nsapato zikuwala. Anapita kuseri kwa nyumba okha, akuyendetsa dzanja pakhoma, ine ndikuwatsatira chapatali, poti makiyi anali akadali m'thumba mwawo. Anatsegula chitseko, anakhala pa chiwongolero, anakonza kagalasi koonera kumbuyo. Anagwira chiwongolerocho ndi manja onse awiri. Kutsogolo kwa nyumba azimayi anali atayamba nthungululu, Tadala akutuluka.

"Uli pomwepo, eti?" anatero osatembenuka.

"Ndili pano, ababa."

"Wavala bwanji mlongo wako?"

Ndinawafotokozera diresi, velo, maluwa a m'manja, ndi mmene ankayendera mosamala kuopa matope ofiira amene ndinadzaza pabwalo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsika, anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti asasokoneze wakisi, anapisa m'thumba n'kutambasula dzanja kumene kunkachokera mawu anga.

"Sunga iweyo. Ndingaiwale n'kuiliza. Akadzauma udzandiuze."

Tadala ananyamulidwa ndi mnzake wa mkwati, pa kagalimoto kotuwa kotsukidwa ndi ndowa imodzi. Bambo anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, ine kumbuyo ndi mkwatibwi ndikumugwirira velo. Njira yonse ankalangiza mnyamatayo.

"Chepetsa, pali bampu apa. Pita kumanja, kumanzereku kuli dzenje. Tsopano khota."

Sanaphonye ngakhale pamodzi. Pafupi ndi msika mayi wina wosenza dengu la tomato anadumpha msewu mwadzidzidzi, dalaivala n'kuponda buleki mpaka tonse tinagwadira kutsogolo.

"Waimiranji?" anafunsa bambo. "Apa palibe bampu."

Tadala anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinalowa.

Ku Joni sindinabwererenso. Jafali amaimba n'kunena kuti payipi yanga ikundisowa. Ndinapeza malo pansi pa mtengo pafupi ndi siteji, ndili ndi ndowa ziwiri, ndipo eni minibasi amandiseka kuti ndimatsuka ngati ndikusambitsa khanda. Amayi amauza anzawo kuti ndinagwira ntchito imene anandiitanira. Makiyi ali m'thumba la jekete imene ndinabwera nayo, ndipo jeketeyo sindiivala.

Loweruka lililonse m'mawa bambo amapita kuseri kwa nyumba. Amavala kajumbo kudzanja, amazungulira galimoto yonse, n'kundiitana kuti ndichotse pamene mbalame yaipitsa. Mvula yoyamba itagwa anandifunsa ngati madzi akupanga timikanda, ndinawauza kuti akupanga, ndipo zimenezo zinali zoona. Akamaliza kuyendera amaima pa boneti, chikhato chili pansi.

"Katswiri, wauma?"

"Sanaume, ababa."

"Ayi, tidikire," amatero. "Zinthu zokhalitsa sizifuna phuma."